Laputopu Yokwera Basi ya ku Mufulira

"Ine katundu sasoba m'manja mwanga," anatero Dalton Katongo, akuzunguza makiyi pachala. "Nanyamula mkuwa kuchoka ku Lubumbashi mpaka ku Durban, feteleza ku Beira, magalimoto ku Dar. Zaka twente-thuu pamsewu, olo bauti imozi sinasobepo. Manje tumawaya twa Enos ndiye tunganivute? Nipaseni chabe ola imozi, ba Yama."

A Chisala, malume ake ochokera ku Mufulira, anayang'ana wotchi yawo. "Basi yanga ni wanu koloko, mwaiche. Usanichedwese."

Linali Loweruka, tsiku lachinayi chiikireni m'manda Enos, mng'ono wake wa Dalton. Tenti ya maliro anali ataichotsa dzulo lake, ndipo m'bwalo la nyumba ya ku Chawama ija munangotsala phulusa ndi abale ochepa amene ankadikira chinthu chimodzi: kugawana katundu wa malemu kuti aliyense azibwerera kwawo. Norah, mkazi wamasiye, anali m'nyumba pa matiresi oyala pansi, duku lakuda kumutu. Pogawa katundu wamasiye safunsidwa kanthu, ndipo panalibe amene anaganiza zomufunsa.

Ntchito yosonkhanitsa katunduyo ikanagwera yaninso kupatula Dalton? Munthu anayamba ndi kugulitsa mazira owiritsa pa sitesheni ya mabasi, kenako wokweza katundu, kenako dalaivala, lero ali ndi mathiraki atatu olembedwa dzina lake pachitseko. Bokosi la maliro anagula ndi iye, ndipo Chawama yonse inadziwa kuti linali la mukwa, mtengo wodula. Jekete lake lachikopa la ku Durban sankalivula, dzuwa la Okutobala liotche bwanji.

Kantemba ka Enos kanali kunja kwa mpanda, koyang'ana kumsewu. Dalton anatsekula chitseko. Munali benchi yaitali, mawaya opiringizana ngati mizu, zomasulira, ndi makompyuta awiri akale otsekula pamimba. Pakhoma, pachitseko, ngakhale pa ketulo, panali pomatidwa chithunzi cha kambalame konenepa, kakuda ndi koyera, kokhala pansi ngati kakhuta. Dalton anakayang'anitsitsa. Kapena ndi chizindikiro cha tchalitchi china chatsopano? Kangati anamuuza mnyamata ameneyu kuti asiye zidolezi adzayang'anire mathiraki? Enos ankangoseka, n'kunena kuti Loweruka ndi wotanganidwa. Zaka zisanu ndi zinayi za kutanganidwa, n'kusiya izi basi!

Foni inalira. Anali dalaivala wake wina amene anakanirira pa malire a Nakonde ndi mapepala osakwanira. Dalton ali mkati mokalipa, pakhomo panaima mayi wina atasenza kompyuta yokulunga m'chitenje.

"Ni pano pa ba Enos? Nabwelesa."

Dalton anamulozera benchi ndi chibwano, osachotsa foni kukhutu. Mayiyo anatula, n'kuthamangira minibasi. Posakhalitsa kunabwera bambo wina ndi wilibala, kenako anyamata awiri, aliyense ndi yake kukhwapa. Womaliza anali mdala wovala yunifolomu ya ulonda, maso ofiira ndi tulo. Anaika chikwama chabuluu kumapeto kwa benchi mosamala ngati muli mazira, anatsekula pakamwa kuti anene kanthu, koma poona kuti bwanayo akulalatira munthu wa ku Nakonde, anangogwira chipewa n'kupita.

Atadula foni, Dalton anapeza makina asanu pabenchi. Kenako zonse zinamveka m'mutu mwake, ndipo m'maso munalengeza misozi. Anthuwa anabwereka zinthu kwa Enos, ndiye atamva za imfa abwera kudzabweza. Popanda wowatsata, popanda wapolisi! Ku Johannesburg bwenzi atagulitsa mtembo usanazizire. Ndiye kuti mng'ono wake sanali wosauka monga ankaonekera.

"Makompyuta seveni!" analengeza m'bwalo, abale atakhala mozungulira mulu wa malaya, nsapato ndi wailesi. "Muziba kuti Enos anali na chuma? Ine ninaziba kudala. Ni magazi yathu."

M'nyumba muja Norah anadzutsa mutu atamva nambalayo, koma azakhali amene anakhala naye anamugwira paphewa. "Nkala zii, mwana wanga. Ni va bamuna ivi."

Dalton anagawa ngati munthu wobadwira ntchitoyo. Chilichonse ankachinyamula m'mwamba, kutchula mtengo wake ku Lusaka ndi mtengo wake ku Dubai, n'kuchipereka. Awiri otsekula pamimba aja anasiyira ana a malemu. Laputopu ya m'chikwama chabuluu, imene inali yooneka bwino kuposa zonse, anaipereka ndi manja awiri kwa a Chisala, monga mkulu wa banja. Nthawi ya thwelofu isanakwane, a Chisala anali atakwera takisi.

Patapita ola limodzi ndi theka, pageti panalowa mayi wa zaka ngati makumi anayi, chingwe chamagetsi chachitali atachikoleka paphewa. Dalton anamukumbukira: kumanda anayankhula m'malo mwa anzake a malemu. Anali Tiza Nkandu, mphunzitsi wa masamu.

"Pepani nachedwa, ba Katongo, nenze na kilasi. Banthu banabwela?"

"Banabwela. Banthu ba chilungamo maningi. Babweza vonse."

"Babweza chani?"

"Makompyuta ya Enos. Faifi. Tagabana kudala."

Tiza anatula chingwe chija pansi pang'onopang'ono. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa pepala, longa amene amamatidwa pamitengo ya magetsi ndi m'maminibasi. Pamwamba panali kambalame kaja. Dalton anawerenga: KOMPYUTA YANU YAKALAMBA? MUSATAYE. BWERETSANI KWA ENOS KU CHAWAMA LOWERUKA LOYAMBA LA MWEZI. SIYANI M'MAWA, TENGANI MADZULO. LINUX, ULERE.

"Tinamata mwezi watha," anatero Tiza. "Ku George, ku Marapodi, ku Chazanga. Ba kutali sibanamvele za malilo."

Dalton anawerenganso kachiwiri. Zilembo zonse ankazidziwa, koma nkhani yake sinkalowa. "Uyu Linux ni ndani? Ndiye bwana wake?"

"Si munthu. Ni pulogilamu yamene iyendesa kompyuta yonse, monga injini mu thiraki yanu. Aka kambalame ndiye chizindikilo chake. Kompyuta ikakalamba iyamba kulema, banthu bakamba ati yafa. Ise tichosa injini yolema, tiikamo iyi, kompyuta yauka."

"Mugula kuti?"

"Sitigula."

"Ndiye kuti mukuba."

"Awe. Bamene banaipanga banakamba kuti aliyense atenge, akope, apase munzake, asinthe ngati afuna."

"Ofesi yao ili kuti? Nikambileni chabe tauni, nizaiziba. Nayenda ine."

"Kulibe ofesi. Ni banthu chabe, mu maiko yambili. Kuno tenze naini, na Enos ndiye anatiyambisa. Enze kukwela minibasi kulalikila monga m'busa, banthu baganiza ni va kumwamba, kansi ni va kompyuta."

"Manje ndani enze kumulipila?"

"Palibe."

Dalton anavula magalasi ake adzuwa n'kupukuta kumaso. Anadutsa malire a maiko asanu ndi anayi, anachitapo malonda ndi anthu amene sankamvana nawo liwu ndi limodzi lomwe, ndipo konseko chinthu chinali ndi mwiniwake ndi mtengo wake. Chopanda mtengo chimakhala chakuba kapena chowola. Tsono ichi chinali chiyani?

"Odi kuno."

Anali mdala wa yunifolomu uja, nkhope itatsitsimuka. Anati dzina lake ndi Isaiah, wa ku Chazanga. Anachoka ku ntchito ya usiku, n'kukagona pang'ono kwa mlongo wake kuseri kwa msika. Anasuzumira ku kantemba. "Ba Enos bafika?"

Maso a Isaiah anayenda pa phulusa la m'bwalo, pa mipando ya kutchalitchi yosanjikizana pakona, pa azimayi ovala zitenje zofanana. Anavula chipewa. Tiza anamukokera mpando, n'kumuuza motsitsa mawu: malungo a m'mutu, masiku atatu okha m'chipatala. 

Mdalayo anati, "Pepani maningi. Nizatenga chabe chola changa, nisamivutiseni."

Dalton anakhosomola. Makina anayi aja anali akadali m'bwalo momwemo, m'zikwama za abale, ndipo Tiza anali atayamba kale kuwatolera pakati pa madandaulo. Koma chabuluu?

"Chili pa ulendo pang'ono," anatero Dalton.

"Pa ulendo?"

"Ku Mufulira."

Isaiah anaimirira. "Bwana, ija laputopu si yanga. Ni ya Chipego, mwana wa ba neba banga. Ayamba kosi ya unesi pa Mande. Bamai bake banagulisa malasha chaka chonse kuti bagule. Nine ninabakakamiza ati nipaseni, niziba munthu wabwino ku Chawama. Manje nikabauze chani? Ati yakwela basi?"

"Tizagula ina, mdala. Yanyowani. Ndalama si vuto."

"Muli vithunzi va batate bake bamene banamwalila. Muzagula kuti?"

Chitseko cha nyumba chinatsekuka. Norah anatuluka wopanda nsapato, azakhali akumukoka chitenje kumbuyo. Chiyambire maliro Dalton anali asanamve mawu ake kupatula polira.

"Ba mulamu," anatero, osakweza mawu, "imwe mailo muzayenda ku mathiraki yanu. Ine nizasala pano na bana. Zaka naini banthu basiya vinthu vao pa benchi ija, kulibe lisiti, kulibe loko, palibe chinasobapo. Lelo mwamuika masiku folo chabe, bayambe kukamba ati kwa Enos bamadya makompyuta ya banthu? Nizapita bwanji ku maliketi?"

Dalton anayang'ana wotchi. Inali itadutsa wanu koloko ndi mphindi makumi anayi. Foni ya a Chisala inali yozima, monga mwa masiku onse. Ankati batire ndi lodula.

Mmene anayendetsera galimoto tsiku limenelo, anyamata oitanira minibasi pa Kafue Road akusimbabe. Pa sitesheni anapeza malo a basi ya ku Mufulira ali mbee: inachedwa kunyamuka, koma inali itangochoka kumene. Koma pamenepa ndi pamene Dalton anakulira, akuyenda ndi thireyi ya mazira pamutu, ndipo wogulitsa matikiti wina wa imvi anamuzindikira.

"Ka Mazila! Wanenepa iwe!"

"Nipase namba ya kondakita, nizakugulila mbuzi."

Pafoni, kondakitala anati basi siima chifukwa cha munthu, ngakhale atakhala nduna. Koma pa Ten Miles panali anthu atatu olipira kale oti akwere, ndipo mmodzi anali ndi matumba ambiri. Mphindi zisanu, osapitirira.

Dalton anadutsa m'tinjira ta ku Matero timene ankatidziwa ali mnyamata, anatulukira ku Great North Road, anapitirira mathiraki atatu pamalo osayenera, akupepesa ndi dzanja pawindo. M'mutu mwake funso linali limodzi, ndipo silinali la laputopu. Ngati Enos sankalipidwa, ankapindulanji? Pali pamene ndalama inkalowera, payenera kukhala pamenepo. Anafufuza mbali zonse monga amafufuzira thiraki yodontha mafuta, osapapeza.

Anaipeza basi ikutseka chitseko. Anaimika galimoto kutsogolo kwake n'kukwera.

A Chisala anali pampando wa pawindo, chikwama chabuluu pamiyendo, manja onse awiri pamwamba pake. Anamvetsera nkhani yonse osaphethira.

"Cha malilo sichibwelela, Dalton. Unanipasa pamenso pa banthu."

"Si ya Enos, ba Yama."

"Unakamba wekha ati ni ya Enos. Unachula na mutengo wa ku Dubai."

"Ni ya mwana wa sukulu."

"Manje ine nifike ku Mufulira manja chabe? Bakambe ati ba Chisala banayenda kuika mwana wa mulongo wao, banabwelako na fumbi ku nsapato? Ndiye ulemu wamene munipasa?"

Dalaivala analiza hutala. Anthu a m'basi anagawikana pawiri: ena ankati mdala abweze, ena ankati chopatsidwa pamaliro n'chopatsidwa, ndipo bambo wina kumbuyo ankafunsa aliyense kuti wamwalira ndani. Dalton anatulutsa chikwama cha ndalama. A Chisala anayang'ana kuwindo ngati aona chonyansa.

"Nili pa malilo, sinili pa maliketi."

Apo Dalton anavula jekete. Anali asanalivulepo pagulu chiligulireni, ndipo malaya a mkati anali atanyowa ndi thukuta mpaka m'chiuno. Analiika pamiyendo pa malume ake. A Chisala analisisita, analinunkhiza, anayang'ana kansalu ka pakhosi kolembedwa dzina la sitolo.

"Iyi nizakamba ati ni ya malilo," anatero. "Koma ukambe, bamve bonse. Ndani analakwisa?"

"Nine."

"Kumbuyo sibanamvele."

Dalton anatembenuka, nayang'ana nkhope makumi asanu ndi limodzi zachilendo. "Nine ninalakwisa! Ninagaba katundu wa bene!"

"Ameni," anatero mayi wina kumbuyo, basi yonse n'kuphulika kuseka.

Anafika ku Chawama dzuwa litapendeka. Chingwe cha Tiza chinali chitachoka m'nyumba, kudumpha mpanda, kulowa m'kantemba. Eni makina anayi aja anali atabwera, atamva za imfa, atakapepesa m'nyumba, ndipo tsopano aliyense anakhala kutsogolo kwa kompyuta yake. Tiza ankayenda kumbuyo kwawo manja atawapinda kumsana, osakhudza kanthu. Mayi wa chitenje uja ankaopa kudina.

"Dinani mweka, mayo. Ikafa tizaiukisa. Enos enze kukamba ati ngati nadina ine, mailo muzanifuna futi."

Norah anali ataima pakhomo la kantemba, azakhali atamuleka. Dalton anapereka chikwama chabuluu kwa Isaiah. "Onani ngati vonse vilimo." Mdalayo anatulutsa laputopu, chaja, ndi kansalu kopukutira, n'kugwedeza mutu.

"Ba Tiza, yambani na iyi," anatero Dalton. "Yayenda maningi."

"Awe, bwana," anatero Isaiah. "Iyi ni nchito yanga."

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kafulashi kosungira pulogalamu ija, komangidwa ulusi wofiira. Anafotokoza akupukuta magalasi ake owerengera. Zaka ziwiri zapitazo anabweretsa kompyuta ya mwana wake, imene aliyense ankati ndi yotaya. Itauka, anatulutsa ndalama, Enos n'kukana. M'malo mwake anamukhazika pabenchi yomweyi Loweruka katatu, mpaka mlonda wa sitandade seveni anadziwa kuika Linux yekha. Tsiku lomaliza anamupatsa kafulashiko n'kumuuza kuti ngongole yake ndi anthu atatu oti nayenso awaukitsire makompyuta.

"Woyamba ni kalembela wa ku chechi kwathu. Wachibili ni munzanga wa pa geti. Aba ninachitila ku nyumba. Manje uyu wothela ninafuna ba Enos baoneko na menso yao kuti niziba."

Anakhala pansi. Anayamba wasamutsa zithunzi za bambo a Chipego, n'kuziwerenga kawiri. Kenako analowetsa kafulashi, nayamba kudina ndi chala chimodzi, milomo ikuyenda powerenga mawu a pagalasi. Penapake anaima nthawi yaitali, chala chili m'mwamba. Tiza anapita kumbuyo kwake, koma mdalayo anapukusa mutu, nadina yekha. Kamzere kanayamba kuyenda pang'onopang'ono kuchoka kumanzere.

Dalton anaima pakona, mikono ili pamtunda, akumva kamphepo kamene anali atakaiwala. Ngongole ankaidziwa bwino. Apa pokha anaona kuti wafika pamalo odziwika. Laputopu itazima n'kuyakanso, yowala ndi yofulumira, anyamata aja akuwomba m'manja, iye anatulutsa cholembera.

"Mulamu, buku ili kuti? Tifute zina ya mdala."

"Buku ya chani?" anafunsa Norah.

"Ya bankongole. Bamene banapasiwa tumafulashi."

"Sanali kulemba."

"Olo mu foni? Mu kompyuta?"

"Kulibe."

"Manje enze kuziba bwanji kuti munthu wasiliza?"

"Benze kubwela kumuuza."

"Nanga bamene sibanabwele?"

Norah anakweza mapewa. "Enze kukamba ati bakali mu njila."

Dalton anayang'ana Tiza kuti mwina amuthandiza, koma Tiza anali akukulunga chingwe. Anatsala chiimire, cholembera m'manja, wopanda polemba.

Isaiah anatseka laputopu, anaibweza m'chikwama chabuluu, natseka zipi mpaka kumapeto. Kenako anaimirira, anakonza kolala ya yunifolomu, navula chipewa. Kuseri kwa benchi kunali kampando kachitsulo ka Enos kokutidwa ndi katoni, kamene tsiku lonse panalibe amene anakhalapo. Anayang'ana kumeneko, mapazi pamodzi, monga amaimira popereka lipoti m'mawa.

"Ba Enos, nine Isaiah wa ku Chazanga. Munakamba batatu. Bakwana batatu."